Mazira a Boaz

Boaz Tembo anali wocheka matabwa. M'zaka za Chitaganya, pamene nyumba za njerwa zinkachuluka ku Fort Jameson, iye ndi mnzake Sankhani Soko ankagwetsa milombwa m'mapiri a kufupi ndi Mtenguleni n'kumaicheka pa dzenje. Sankhani ankaima pamwamba pa chipika, Boaz m'dzenjemo, utuchi ukumugwera kumaso, onse akukoka macheka aatali kuyambira mame asanaume mpaka dzuwa litapendeka.

Chaka china, mvula itangosiya, malungo anamugwetsa Boaz. Atachira anabwerera ku dzenje, koma mphamvu zinatsalira pamphasa. Akakoka pang'ono, mikono inkanjenjemera ndipo macheka ankaphonya mzere wa makala. Sankhani sankadandaula. Ankangoima n'kuyang'ana kumbali mpaka mnzakeyo atapezanso mpweya.

Loweruka lina Boaz anapalasa njinga kupita ku tauni. M'sitolo ina anaona botolo lakuda lojambulidwa munthu wa minofu ngati ng'ombe ya pagoli. Wogulitsa anati ndi mankhwala obwezera mphamvu, sipuni imodzi m'mawa, ina madzulo. Boaz anagula. Mankhwalawo anali otsekemera, ankatenthetsa pachifuwa, koma botolo linatha mikono ikunjenjemerabe.

Mkazi wake, Lusiya, ananunkhiza botolo lopanda kanthulo n'kuliika pansi.

"Atate a Tryness, awa ndi madzi a shuga chabe," anatero. "Thupi lanu likufuna ndiwo. Ndisiyireni ine."

Kuyambira pamenepo Boaz ankanyamuka m'mawa ndi mazira owiritsa omangidwa m'kansalu. Madzulo ankapeza nyemba zothira nsinjiro, tsiku lina mbewa, tsiku lina kapenta amene Lusiya ankatumiza kwa opita ku msika wa ku Kapata. Ankadyera yekha pakhonde monga achitira amuna, mkazi ndi mwana ali kuseri. Sanafunse kanthu. Pang'onopang'ono mikono inalimba, mapewa anadzaza malaya, ndipo Sankhani anayambanso kuimba pamwamba pa chipika.

Tsiku lina macheka anagunda mwala umene mtengo unameza ukukula, mano angapo n'kuthyoka. Ntchito inaima, ndipo Boaz anafika kumudzi dzuwa lili pamutu, nthawi imene sankapezekapo.

Anapeza mwana wawo Tryness, amene anali atangosiya kuyamwa, atakhala mumthunzi wa nkhokwe. Mwanayo anamuyang'ana koma sanadzuke. Apa m'pamene Boaz anakumbukira kuti panali patapita nthawi Tryness osamuthamangira. Masiku onsewo ankamupeza ali kumsana kwa amake kapena atagona, ndipo ankangoti ndi tulo ta ana.

Anagwada pafupi naye. Tsitsi la mwanayo linali litafiira ngati ndevu za chimanga. Masaya anali otupa, mapazinso chimodzimodzi. Boaz anadina phazi ndi chala, ndipo pamene anadinapo panatsala kadzenje kosabwerera. Pambali panali kambale ka phala la ufa woyera, losatha.

Lusiya anatulukira ndi ndowa pamutu. Ataona mwamuna wake atagwada, anatula ndowayo mwakachetechete.

"Amake Tryness, mwanayu amadya chiyani?"

"Phala."

"Nanga inu?"

Boaz anayang'anitsitsa Lusiya masana poyera, n'kuona mafupa a m'khosi ataonekera ndi chibangili chitatsetserekera kuchigongono.

"Nkhuku zathu n'zochepa," anatero Lusiya pambuyo pake, akuyang'ana pansi. "Ndikanagawa, inu mukanakomokera m'dzenje muja, ndiye tonse tikanadya chiyani? Komanso amayi anandiuza kuti mwana wamkazi sadya mazira, angadzakhale wosabereka. Ndimati akunenepa. Ndinayamba kuchita mantha dzana, atakana kuyenda."

Boaz anafuna kukalipa, koma sanapeze womukalipira. Anayang'ana mikono yake yolimbayo ndipo inamunyansa. Anatulutsa njinga, Lusiya anabereka mwana n'kukhala pakaliyala, ulendo wa ku chipatala cha mishoni.

Kumeneko anawalandira namwino wina wachikulire, dzina lake Magalita. Anayang'ana tsitsi la mwanayo, anagwira mapazi, kenaka anafunsa za chakudya. Lusiya anafotokoza zonse osabisa. Namwinoyo sanawadzudzule.

"Mwafika bwino," anatero. "Mwanayu agona kuno pamodzi ndi amake. Si kulodzedwa, ndi njala ya ndiwo. Tiyamba ndi mkaka wa ufa, wosungunula m'madzi owiritsa, pang'onopang'ono, chifukwa mimba yake yafooka. Akayamba kulandira, m'phala mwake muzilowa nsinjiro, dzira, kapena kapenta wosinja. Ana anga aakazi ndinawalera ndi mazira, ndipo lero ali ndi ana awo."

Boaz anali ndi funso limene linkamuchititsa manyazi, koma analifunsa ndithu.

"Amayi, ine ntchito yanga ndi yocheka matabwa. Ndikasiya mazira, ndidzatha kukoka macheka?"

"Mudzakoka, bambo. Inu mimba yanu ndi yaikulu. Nyemba, khobwe, nandolo, nsawawa, inswa nthawi yake ikafika, zonsezo zimamanga thupi la munthu wogwira ntchito, bola muzidya zokwanira. Koma mwana kamimba kake n'kakang'ono, sangathe mbale ya nyemba. Dzira ndi mkaka zisiyireni iyeyu. Amakewanso azidya nanu, onani mmene atheramu."

Masabata otsatirawo Boaz anawathera pamsewu. Ankatola mazira m'chikwere cha nkhuku, n'kuwakulunga m'masamba a nthochi kuti asasweke panjinga, n'kukapereka ku chipatala. Anaphunzira kusinja nsawawa mumtondo, akazi a pamudzi akumuyang'ana chapatali. Anapserezapo nyemba kangapo asanadziwe kuti zimafuna moto wodekha. Ku dzenje ankafikako mwa apo ndi apo.

Kutupa kutaphwa, Tryness anaoneka mmene analili: kamwana ka nthiti zowerengeka, khungu likusupuka m'miyendo. Boaz anamunyamula n'kumva ngati wanyamula nsalu yokha. Anatuluka panja, nakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo analira osatulutsa mawu.

Atabwerera kumudzi onse atatu, Sankhani anadzawaona. Anabwera ndi kathumba ka khobwe kochokera kwa mkazi wake. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akukamba za mvula ndi za msonkho, kenaka anatsokomola.

"A Tembo, ogula matabwa athu aja anandipanikiza. Ndatenga mphwanga kuti alowe m'dzenje. Sindinafune kuti mumve kwa ena."

"Mwachita bwino kubwera nokha, a Soko," anayankha Boaz. "Mumuuze azimanga kansalu pamphuno. Utuchi wa mlombwa umatsamwitsa."

Anamuperekeza mpaka pa mphambano. Pobwerera anapeza Lusiya atayala mphasa kuseri kwa nyumba, akumwetsa mwana phala. Boaz sanapite pakhonde. Anakhala pamphasa pomwepo, natenga sipuni m'manja mwa mkazi wake.

"Idyani inu," anatero. "Uyu ndimudyetsa ine."

Tryness anameza kawiri, n'kutembenuza nkhope. Boaz anadikira, sipuni ili m'mwamba, mpaka mwanayo anatsegulanso kukamwa.