APhoebe a ku Nasolo

"Inu aFlexon, musandiyese chitsiru! APhoebe ndi ndani?"

Keziah anaima pakhomo atamanga chitenje m'chiuno ngati wopita kundewu. Mwamuna wake, amene ankamanga zingwe za nsapato, anangoti kukamwa yasa. Dzulo lake Keziah anamumva ndi makutu ake akuuza mnzake kuseri kwa bafa kuti, "APhoebe anenepa masiku ano, mawa ndikawaona ku Nasolo." Banja la chaka chimodzi, mkazi wina kale!

"Matipate yabwerayi ndi ya zipani, bambo, si ya akazi ayi. Tiyeni mukandionetse."

Flexon sanatsutse. Anatsogola, kudutsa msika wa Ndirande, kukwera chakuphiri kumene mtsinje wa Nasolo sunakumane ndi zinyalala. Keziah ankatsatira akunola mawu oti akamulase nawo mkaziyo. Atafika pa kadziwe kena pansi pa thanthwe, Flexon anafukula nyongolotsi m'dothi, n'kugwada.

"Odi, aPhoebe."

M'madzimo munayandama chule wophwatalala ngati wapondedwa ndi minibasi, woterera, timaso tili pamwamba pa mutu, timanja atatambasula.

"Ndi amenewa?"

"Ndi amenewa. Taona mmene amadyera, Kezi. Alibe lilime awa, amadya ndi manja ngati ife."

Chuleyo anakankhira nyongolotsi mkamwa, dzanja ili, dzanja ilo, mwadyera. Flexon mawu anamasuka. Anamuonetsa zikhadabo zakuda kumiyendo yakumbuyo, zong'ambira chakudya. Anati kumtunda sabwerako wamba, moyo wawo wonse ndi m'madzi. Amuna awo amaimbira pansi pomwepo, ti-ti-ti ngati wotchi. Madzi akaphwa m'chilimwe amadzikwirira m'matope kudikira mvula. Kenaka analoza ana awo, ambululu oonekera mkati ngati galasi, a ndevu ngati milamba, ali zondoke mitu pansi.

"Nanga dzinali?"

"Suwaona manjawo? Ndi aPhoebe enieni otsogolera kwaya kutchalitchi kwathu."

Keziah anayesa kuugwira mkwiyo wake koma unamupulumuka. Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi mbwe. Mwamuna wakeyu, wosatha kutsutsa mtengo wa tomato pamsika, ankalankhula za chule ngati m'busa paguwa, nkhope ikuwala. Anali asanamuonepo chotero.

Ali chisekere, kumunsi ku mafakitale a ku Makata kunalira saireni yolowera ntchito. Flexon sananyamuke n'komwe.

Kuseka kuja kunazilala. Lero Lachiwiri. Munthu wolowa m'fakitale kusanatenthe, kutuluka dzuwa litapendeka, angadziwe bwanji zimene chule amachita tsiku lonse? Za matope a m'chilimwe anaziona liti? Keziah anayang'ana manja a mwamuna wake: girisi yense anatha, zikhadabo zili mbee. Pathanthwe paja udzu unali utagona, malo a munthu wokhalapo masiku ambiri. M'mawa uliwonse iye ankamuphikira tiyi, n'kumupatsa mbatata za kuntchito.

Mtima unamuwawa, koma osati ndi nsanje tsopano. Anasendera pafupi, n'kugwira dzanja loyeralo mwamphamvu.

"Mabwana anuwo tikawaona mawa, ndipo wolankhula ndikakhala ine. Munthu samutaya ngati chitini. Koma inu, kudzauza chule, ine mkazi wanu ndili pompo?"

Flexon maso anali pa chule uja m'madzimo.

"Ayi, musayang'ane aPhoebe, alibe lilime awo. Inu muli nalo. Anakuchotsani liti ntchito? Ndiyankheni."