Chimbale Chachisanu cha Nyundo

Obadiah Zulu sanathe kukhazikika mu minibasi yochoka ku Ndola kupita ku Kitwe. Bondo linkangodumphadumpha, zala zikugogoda mpando wakutsogolo, mpaka mayi amene anakhalapo anacheuka ndi nkhope yoipidwa. Milomo ya mayiyo inayenda, koma Obadiah anangogwedeza mutu, monga ankachitira ndi aliyense masiku amenewo.

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu iye ndiye ankaimba ng'oma m'gulu la Nyundo, loimba nyimbo zaphokoso zija amati heavy metal. Tsopano mphekesera zinali zitamupeza kwawo ku Pamodzi, mu Ndola, kuti Cyril, woimba gitala amenenso ankatsogolera gululo, akufuna kujambula chimbale chachisanu ndi ng'oma za pa kompyuta. Ng'oma za makina, mwini ng'oma akadali moyo. Zinamuwawa mpaka m'mafupa, ndipo ankapita kwa Cyril ku Kamitondo kukamenyera mpando wake.

Milandu ya Cyril anali ataisanja kale m'mutu. Chimbale choyamba, cha mu 1989, chinali moto weniweni: liwiro lokhalokha, gitala ikulira mokalipa, anyamata a ku mgodi akuthyola mabenchi m'maholo. Pa chachiwiri Cyril anachepetsa liwiro, ati nyimbo zilemere. Pa chachitatu anamasula zingwe za magitala kuti mawu atsike, nyimbo n'kumamveka ngati lole yodzaza mkuwa ikukwera chitunda. Chachinayi ndiye musachite kufunsa. Otsatira akale anati Nyundo yakalamba, ana a pa intaneti n'kumati ndi luso lozama. Kwa Obadiah luso panalibe, unali ulesi wa Cyril basi, ndipo ankamuuza zimenezi pamaso chaka ndi chaka.

Chimene sankafuna kuchiganizira chinali makutu ake. Zaka zonsezo, mkati mwa sabata ankakhoma ndi kuwotcherera matanki ku Heavy Industrial Area, Loweruka n'kukakhala pakati pa masipika. Mawu ang'onoang'ono anamuthawa kalekale: mbalame, kulira kwa foni, mkazi wake akamamuitana ali kuseri kwa nyumba. Sanauze munthu. Ankaimba ng'oma osavala nsapato kuti kugunda kwa nyimbo kuzimulowera kumapazi, anthu n'kumaona ngati ndi matama a katswiri. Iye ankawasiya aganize choncho.

Anamupeza Cyril yekha m'galaja mmene gululo linkayeserera nyimbo, dzuwa lili paliwombo, malata akutentha. Moni unali wachidule. Obadiah anakana mpando n'kuyamba kutchula zimbalezo chimodzichimodzi, akuyendayenda pakati pa mawaya, chala chikuloza uku ndi uku. Ananena za ulesi, za mantha, za munthu wotaya mnzake atakalamba. Cyril anamusiya mpaka mawu anamuthera. Kenako anadzaima patsogolo pake penipeni n'kuyankhula pang'onopang'ono, akutsegula bwino pakamwa. Apo m'pamene Obadiah anazindikira kuti mnzakeyu wakhala akumuyankhula chonchi kwa zaka zambiri.

"Obby, mune, mnzanga, tinaziba za makutu yako mu ninety-five," anatero Cyril. "Solo yanga siunali kuimvela, unali kungopita weka. Ndiye tinachepesa speed kuti uziona manja yanga."

Anapitiriza kufotokoza kuti pa chachitatu anatsitsa magitala chifukwa mawu okhawo amene ankamufika Obadiah anali otsika, ndipo pa chachinayi anachita kukhazika sipika ya besi pa thabwa lomwe iye ankapondapo. Anzake onse anapangana kuti asamuuze. A manyuzipepala atanyoza kuti Nyundo yafooka, Cyril ndiye anasenza chitonzocho, pamodzi ndi cha Obadiah yemwe.

Obadiah anakhala pa mpando uja anaukana. Manyazi anamugwira. Anakumbukira mayina onse amene anamutchula munthuyu pamaso pa anthu, ndipo anafuna kupepesa, koma mantha otaya ng'oma anafika pakamwa poyamba.

"Manje sisaniko futi," anatero, kupempha kuti atsitsenso magitala, mawu akutuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. "Kamozi chabe. Album imozi, nisilize na imwe."

Cyril anachotsa gitala pakhoma, n'kuilumikiza ku sipika, n'kukweza mawu mpaka pothera. Anaiika m'manja mwa Obadiah. Zingwe zake zinali zomasuka moti zinkangolendewera, zikukhudza thabwa la gitalayo. Cyril anati wakhala akuyesa mwezi wathunthu, ndipo pamenepa ndiye pothera, chingwe sichingamasuke kuposa apa n'kumaimbabe.

Obadiah anavula nsapato, n'kuponda pansi mwamphamvu. Anakoka chingwe chachikulu. Anaona fumbi likugwa kuchokera ku malata, anaona Cyril akutsinzina ndi phokosolo. Anakokanso kachiwiri, kachitatu, akudikira mawu amene sanamufike.

Cyril anatembenukira kukhoma kuti abise misozi. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo zinkaoneka kuti akuyankhulabe, mawu ambiri ndithu. Obadiah anangoyang'ana msana wa mnzakeyo, osadziwa ngati akumuuza kuti atsale kapena akumutsanzika.