Chidole cha Delight

A Elifasi sanamenyepo munthu chibadwire. Ngakhale nkhuku ya pa Khirisimasi ankasiyira malemu akazi awo kuti azinge, iwo n'kuzembera kuseri kwa nyumba. Ndiye onani tsoka lake: pa pulazi yonse ya fodya ija, kufupi ndi tauni ya Karoi ku Zimbabwe, munthu amene Kondanani anasankha kuti akhale Folomani Jealous, kapitawo wankhanza wa m'mafilimu ake, anali iwowo.

Kondanani ankayendetsa thirakitala, koma likafika Lamlungu ankasanduka wojambula mafilimu anthabwala pa foni yake yosweka galasi. Zinali nthabwala zija zoti umaseka, kenako n'kudzifunsa ngati uli ndi mtima. Anati akufuna nkhope yokwinyika, yowambidwa ndi dzuwa, ndipo a Elifasi anali nayo kale.

Anavomera msanga. Chimwalirireni mayi akunyumba, tsiku la Lamlungu linkawatalikira koopsa. Komanso ankayesa kuti ntchitoyi akuidziwa. Anakulira m'zakudambwe, ndipo ankadziwa kuti chilombo cha gule chikathamangitsa ana mpaka kuwaliza, mawa lake palibe amene amalozedwa chala. Nkhanza zimatsala ndi chilombocho. Chimene sanaganize n'chakuti foni ya Kondanani inkajambula nkhope yawo yeniyeni, ndi chipsera cha pachibwano chomwe.

Folomani Jealous analamula anamfedwa kuti azilira pa nthawi ya tiyi yokha. Anatsitsa bokosi la maliro m'ngolo kuti mabelo a fodya ayambe apita. Mu filimu imene inatchuka kuposa onse, analanda kamtsikana chidole, n'kuchiponya m'ng'anjo ya balani, n'kuyamba kuwotha motowo akuimba mluzu. Anthu anaseka mpaka ku Harare. M'komboni ana anayamba kulambalala khomo la a Elifasi, akuluakulu nawo ankangofuula ali chapatali kuti "Folomani!" n'kupitirira akuseka. Kutchuka kunalipo, koma wokhala nawo pakhonde panalibe.

Tsiku lina Tawina, mwana wawo mmodzi yekhayo, anaimba foni ali ku Chitungwiza kumene anakwatiwa. Anati abwera Loweruka ndi Delight, koma sagona chifukwa cha ntchito. Delight anali ndi zaka zisanu, ndipo agogo akewo ankangomudziwira pa zithunzi.

Mlungu wonsewo a Elifasi akaweruka ku shedi yosankhira fodya ankakhala pansi n'kumasoka chidole. Thupi linali la chiguduli, tsitsi la ulusi womangira fodya, maso anali mabatani a jekete lawo la kutchalitchi. Kadiresi anakadula pa chitenje cha malemu. Zala zinabayidwa ndi singano kosawerengeka, iwo osadandaula. Sankafuna zambiri ayi. Ankangofuna kuti mdzukulu wawo akhale pamiyendo pawo, amve kulemera kwake, basi.

Loweruka kombi, kaminibasi ka kumeneko, inawatsitsa pa geti. Delight atangoona nkhope ya amene anabwera kudzawachingamira, anaima njo, n'kulowa kuseri kwa siketi ya amayi ake.

"Mhamha, ndi Sekuru Jealous!"

"Iwe, awa ndi asekuru ako enieni, agogo ako a Elifasi. Apatse moni." Tawina anaseka mwamanyazi. "Pepani baba. Bambo ake amaonera mafilimu anu aja tsiku ndi tsiku, mwanayu ali pompo."

"Zija n'zamasewera, mdzukulu wanga," anatero a Elifasi. Koma mawu awo anali omwe aja a mufoni, ndipo mwanayo anatseka makutu ndi zala.

Sadza, ndiyo nsima ya kumeneko, ndi nkhuku yozingidwa ndi aneba anadyera panja pansi pa mtengo wa mango. Delight anadya ali pamiyendo pa amayi ake, atayang'ana kumbali. A Elifasi anamupatsa nthutumba, iye anakana mpaka amayi ake atailawa. Mthunzi unkasuntha, nthawi ya kombi inkayandikira, ndipo mtima wa nkhalambayo unkawawa ndithu.

Anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi chidole chija. Mawondo sanawalole kupita patali, choncho anangogwada pomwepo, pafupi ndi mafuwa pamene moto wophikira unali ukuyakabe.

"Bwera, Delight. Taona uyu."

Mwanayo anayang'ana chidole. Anayang'ana moto. Anayang'ananso nkhope ya agogo ake. Mwadzidzidzi anatsika pamiyendo paja n'kuyamba kuthamangira kwa iwo. A Elifasi anakondwa, natambasula manja onse awiri.

Delight anatsomphola chidolecho, n'kutembenuka ndi liwiro lomwelo.

"Mhamha, ndamupulumutsa! Anatsala pang'ono kumuwotcha!"

Tawina anaseka mpaka misozi, koma ataona nkhope ya bambo ake analeka pomwepo. Iwo anali chigwadire, manja ali chitambasulire. Anafuna kunena kuti kadiresi kaja n'ka chitenje cha agogo ake aakazi, kuti maso aja anawathothola pa jekete lawo, koma anaopa kuti mawu awo amuopsezanso mwanayo. Anatsitsa manja aja pang'onopang'ono.

Itakwana folo koloko anawaperekeza ku geti, iwo akuyenda m'mbuyo patali ndithu. Delight anakhala cha pawindo atakumbatira chidole chake. Kombi itayamba kuyenda a Elifasi anakweza dzanja kutsanzika, ndipo mwanayo anaphimba maso a chidolecho ndi chikhatho kuti chisawaone.