Matumba Asanu ndi Awiri a Khansala Thong

"Sayina apa basi," anatero a Kiu-fat, akumugwiritsa cholembera. "Zotsalazo tipanga ife."

Ngiuk-lan anayang'ana pepalalo, lolembetsera kupikisana nawo pachisankho. Panali patangotha sabata chiikireni maliro a bambo ake, a Thong Kiu-san, amene anali khansala wa dera lino la kumapiri a Miaoli kwa zaka makumi awiri. Mpando wawo unali wopanda munthu, ndipo kulembetsa mayina a opikisana kunkatha Lachisanu.

"Bambo aang'ono, ine ndimaphunzitsa masamu ku Taipei. Chihakka changa, chilankhulo cha kuno, ngakhale ana amachiseka."

"Ndani wati ulankhule? Uvale zamaliro, uime pagalimoto, ulire. Tisindikiza nkhope yako pambali pa dzina la achimwene, mapepala zikwi makumi asanu, tiwamwaze msika wonse."

"Ndiye kuti bambo apikisanenso ali m'manda?"

"Ndipo apambana kuposa kale, mwanawe. Wakufa salakwitsa polankhula."

A Kiu-fat atachoka, m'nyumba munangoti zii. Foni imene inkalira tsiku lonse inali italeka. Pabalaza, makapu khumi ndi awiri a tiyi wa alendo anali chivundikirire.

Mayi ake anali pabwalo, akutembenuza mpiru umene anayanika.

"Amayi, ndisayine?"

Iwo anangomupatsa kiyi. "Kukhola lakale la nkhumba kuli ntchito imene bambo ako sanamalize."

M'kholamo anapeza matumba asanu ndi awiri, odzaza mapepala a chisankho chapitacho. Lililonse linali lowongoledwa, matope atapukutidwa. Ambiri anali a Lai, mdani wa bambo ake pandale, olembedwa ndi zilembo zazikulu kuti: NKHALAMBA YAGONA PAMPANDO, IDZUTSENI. Ngiuk-lan, amene sankatha kusiya funso lopanda yankho, anakhala pansi n'kuyamba kuwasanja. Sanapeze dongosolo lililonse.

"Ankasunga umboni wokasumira?" anafunsa atabwerera pabwalo.

Mayi ake anaseka, koyamba chichitikireni malirowo. "Umboni wanji? Chisankho chikangotha, m'mawa mwake ankatenga thumba n'kuyenda okha misewu yonse, kutola. Ankati chilembo n'chopatulika, sachiponda, ngakhale chikhale chokutukwana. Akatero ankakawotcha kung'anjo ya zilembo, kumene mapepala olembedwa amawotchedwa mwaulemu. Ulendo uno maondo anawakanika kukwera phiri."

"Anthu ankawaona?"

"Anthu ati? Amakhala akugona, ataledzera ndi chipambano cha bambo ako chomwecho."

Ngiuk-lan anawerengera mumtima: mapepala zikwi makumi asanu, dzina la bambo ake pa lililonse, pansi pa nsapato ndi mateyala, wotola palibe.

Lachisanu m'mawa anakweza matumbawo pawilibala. Anakankha maulendo atatu kukwera kanjira kopita kung'anjo yamiyala, kuseri kwa kachisi. Kunalibe munthu. M'thumba mwake foni inkanjenjemera, a Kiu-fat akuimba, kenaka inatopa.

Anawotcha mapepalawo pang'onopang'ono, nkhope ya Lai ikupindika m'moto kambirimbiri. Dzuwa litafika pamutu, anatulutsa pepala losasayina lija. Linali litakwinyika m'chikwama, ndipo pamzere wachitatu a Kiu-fat anali atalembapo kale dzina la a Kiu-san.

Analiwongola pabondo, analipukuta ndi chikhatho ngakhale linalibe matope, n'kuliika m'ng'anjomo ndi manja awiri.