Ng'oma Yonyowa pa Tsiku la Ana

Pa shikola ina ya kufupi ndi Chipera, ng'oma inali ya anyamata chiyambire. Atsikana ankavina, anyamata n'kumaimba ng'oma, ndipo palibe ankafunsa chifukwa chake. Kenaka kunatulukira Flávia wa m'sesta kalasi, kalasi yachisanu ndi chimodzi, kamtsikana kakafupi koma kamakani, kamene kankangogogoda chilichonse: chidebe kumjigo, benchi m'kalasi, ngakhale msana wa mng'ono wake. Manja ake sankadziwa kukhala phee.

Apurofesoro Amadeu, mphunzitsi amene ankakonzekeretsa ana kukavina ku Fingoe pa Tsiku la Ana, anatopa nako kupempha kwake koti aziimba ng'oma. Tsiku lina anauza Adilson, mwini ng'oma wa chaka chathacho, kuti asendere. Flávia atangoigunda, atsikana amene anali atakhala pansi anadzuka okha.

"Ukaimba ndiwe ku Fingoe," anatero apurofesoro. "Zikakayenda bwino, ng'oma ndi yako mpaka umalize sesta. Zikakavuta ibwerera kwa Adilson, ndipo usadzandilirire."

Adilson anangoti, "Tikaona," n'kuchokapo atatupa masaya.

Masana alionse akaweruka ankayeserera pansi pa mtengo wa mango. Flávia anaphunzira kuwamba ng'oma pamoto wa udzu, kuitembenuza pang'onopang'ono mpaka chikopa chitakungika n'kumalira mokweza. Ankaikonda ng'omayo kuposa nsapato zake zatsopano, ndipo madzulo a tsiku lomaliza anapempha kuti ikagone kwawo.

Kunacha kukuzizira koopsa, kuzizira kwa Juni kuja. Kamiyau, lole yowatenga, itayamba kuliza hutala kumsewu, Flávia anakumbukira fumbi la m'njira. Ng'oma yake ikafike ku Fingoe itatuwa? Anathamangira kuseri kwa khitchini n'kutsomphola thumba loyamba limene analiona. Linali thumba limene amayi ake amakutira mpiru popita kukagulitsa, lomwe amaliwaza madzi kuti ndiwo zisafote. Anamva ndithu kuti likuzizira, koma m'mawa umenewo chinalipo chosazizira? Anakulunga ng'oma, anamanga ndi luzi, ndipo njira yonse anaikumbatira uku akuimba ndi anzake mpaka mawu kusasa.

Ku Fingoe anapeza anthu ali yakaliyakali. Bwalo linali losesedwa bwino, oweruza atakhala patebulo la nsalu yoyera, ana a mashikola ena akuyang'anana mwamatama. Flávia anamasula thumba monyadira, ndipo chimene chinayamba kutuluka ndi fungo la mpiru. Anagwira chikopa, n'kupeza chalefuka. Anachigunda. Ng'oma inangoti phu, ngati munthu wamenya dzungu.

Mtima unamuthawa. Kwawo akanangozula udzu n'kuyatsa, koma kuno udzu unali kuti? Ndiponso mlonda wa pabwalopo, atangoona machesi m'manja mwa apurofesoro, anapukusa mutu kuti moto pamenepo ayi, pali akuluakulu. Apurofesoro anayang'ana ng'oma, anayang'ana Flávia, n'kubweza machesi m'thumba. Akanamukalipira zikanakhalako bwino.

Adilson anabwera n'kuigunda nayenso. Flávia anadikira kuti amuseke, koma mnyamatayo anangokwinya nkhope.

"Iyi ngakhale ine sindingaiimbe," anatero. "Nyamula uko. Kumsika kuli moto."

Anathamanga nayo aliyense atagwira mbali yake, akuzemba njinga ndi mamota. Pakhomo pa msika anapeza mayi wina wonenepa, dzina lake Deolinda, akukazinga zitumbuwa pambaula.

"Zikomo tiya, tithandizeniko moto," anatero Flávia akupuma wefuwefu.

"Moto ukautani, mwanawe? Anthu pano amapempha zitumbuwa."

"Tiwambe ng'oma. Yanyowa, ndipo atiitana posachedwapa."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira m'chiuno, koma anaphula chiwaya n'kuchiika pambali. "Wambani. Woimba wake ndi uyu?" anafunsa akuloza Adilson.

"Ndi uyu," anayankha Adilson akuloza Flávia ndi mlomo.

Chikopa chonyowa sichifuna phuma. Ukachiyandikitsa kwambiri chimapserera n'kung'ambika, ndiye ng'oma yathera pomwepo. Flávia anagwada n'kuyamba kuitembenuza chapatali, nthunzi ikufuka pang'onopang'ono. Ali choncho anamva chimkuzamawu kubwalo chikutchula dzina la shikola yawo.

"Basi, yakwana, tiye," anatero Adilson.

Flávia anagunda ndi chala. "Sinakwane."

"Atiitana, iwe."

"Ndamva. Sinakwane."

Misozi inali ikulengeza, maondo akuwawa ndi miyala, koma sanaisendeze pafupi ndi makala ngakhale pang'ono. Kubwalo kunayamba kumveka kuwomba m'manja ndi mawu a Paula, wotsogolera nyimbo. Anzake anali atayamba kuvina opanda ng'oma. Zinamupweteka kwambiri Flávia, pakuti anawagwetsa m'manyazi amenewa ndi iye. Anatembenuzabe, anagundanso, anatembenuzanso. Kenaka ng'oma inayankha ndi mawu akuthwa amene anadzidzimutsa mbuzi imene inali kunyambita makoko a nthochi pafupi.

Kubwalo zinthu zinali zomvetsa chisoni. Atsikana ankangokwekwereza mapazi maso ali pansi, apurofesoro akuwomba m'manja thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Kuti Flávia apyole m'chikhamu, akakhale pansi, akaike ng'oma pakati pa miyendo, nyimbo ikanatha. Adilson anaikumbatira pamimba n'kutembenukira kwa iye.

"Imba pompano. Ine ndiziyenda chafutambuyo."

Ndiye analowa choncho, mnyamata akubwerera m'mbuyo osaona kumene akupita, mtsikana akumutsatira akuswa ng'oma yotentha ndi manja onse awiri. Anthu anapatuka okha. Paula atamva kulira kwake anakweza mawu, ndipo ziuno zimene zinali zitagona zinadzuka zonse pakamodzi. Fumbi linakwera mpaka patebulo la nsalu yoyera lija. Amayi a m'mbali anayamba nthungululu, ndipo pakati pawo panatulukira mayi Deolinda, chipande chili m'manja, akudula chiuno ngati nawonso ndi a sesta kalasi. Bambo wosunga nthawi anakweza dzanja kuti aleke, koma poona kuti palibe akumuyang'ana, analitsitsa n'kuyamba kugwedeza phewa.

Oyamba anakhala a ku Chiputo, iwo n'kukhala achiwiri. Atsikana anakuwa, anakumbatirana, ena mpaka kugwa pansi. Flávia yekha ndiye sanadziwe kuti asangalale kapena ayi. Ng'oma ananyowetsa ndi iye, kuchedwa anachedwa, malo oyamba anawaphonya. Kodi kumeneko ndiye kuyenda bwino? Atakwera kamiyau, anakwawa mpaka pamene panakhala apurofesoro, n'kuika ng'oma pamapazi awo.

"Nayi, apurofesoro," anatero motsitsa mawu.

Apurofesoro Amadeu anaiyang'ana, kenaka anatembenukira kwa Adilson. "Mwini wake wakale, ukuti bwanji?"

Adilson anali akusisita mikono. "Ine ayi, apurofesoro. Ndikanakhala ine ndikanaiotcha pambaula paja. Aziimba yemweyu. Ine mundiike kovina, ndaona kuti chafutambuyo ndimatha."

Kamiyau yonse inafa ndi phwete. Apurofesoro anakankha ng'oma ndi phazi mpaka inagunda maondo a Flávia.

"Wamva. Nanga ukudikira chiyani? Tikafika kwathu mwakachetechete ngati tachokera kumaliro?"

Flávia anaseka misozi ikutsika, anaipana ndi miyendo, n'kuyamba kuimba. Midzi yonse ya m'njira ana ankatuluka m'nyumba kuthamangira kamiyau, ndipo iye sanaleke mpaka zikhatho zitachita matuza.