Timilamba ta aOvertone ndi Mazira a aNabanda

"Lina lapitanso!" anakuwa aNabanda atasuzumira m'chisa cha nkhuku yawo yakuda. Nkhukuyo inkaikira tsiku ndi tsiku, koma mazira sankachuluka ayi.

Sanachedwe, analunjika pampanda pa aChrissy, mnzawo wapamtima amene ankaimba naye kwaya kuno ku Ndunde.

"Achemwali, galu wanuyu mum'mange. Wandithera mazira."

"Galu wanga Tilekeni ameneyu? Galu wothawa ngakhale anapiye?" anaseka aChrissy.

"Musaseke. Taonani mmene wanenepera!"

"Wanenepa ndi gaga wanga, mayi. Kapena mukufuna kunena kuti wakubayo ndine?"

Basi, moni anathera pomwepo. Kumjigo sankayang'anana, kukwaya wina uku wina uko, amayi onse n'kumangokodolana. Zinafika poti aChrissy anatsimikiza zokamusiya galuyo kwa achimwene awo ku Nguludi, chonsecho ankamukonda ngati mwana.

Tsono amuna awo a aNabanda, aOvertone, anali ndi ntchito yawoyawo kuchipinda chakuseri. Ankaweta timilamba tating'ono m'bokosi lagalasi, toti anthu a ku Limbe amagula n'kumangotiyang'ana pabalaza, osadya ayi. Timilambato tikamata mazira pagalasi, iwo ankawapala mosamala ndi lezala n'kuwaika m'beseni lapadera, poti makolo ake amadya mazira awo omwe. Owola ankawatola ndi kaudzu. Masiku amenewo tiana tinali titaswa, tochepa ngati nsidze.

Tsiku loti galu apite, aNabanda anasowa sefa ya tiyi. Anafunafuna mpaka anakankha chitseko chakuseri chija. Eee! Anapeza aOvertone atanjuta pabeseni, akufinyira chachikasu cha dzira lophika pasefayo, tiana tili piringupiringu kulimbirana. Masaya awo anali otupa.

"Bambo, muli chiyani m'kamwamo?"

"Mmm-mm."

"Mezani muyankhe!"

Anameza movutikira. "Ndi choyera chokha, mayi. Anawa sadya choyera, ndiye ndingataye?"

"Dziralo mwalitenga kuti?"

"Pakamwa pawo ndi pang'ono, gaga sangalowe. Mumafuna afe?"

"Ndati mwalitenga kuti!"

"Nkhukuyo ndinangoibwereka..."

"Ine ndadana ndi mnzanga, mudzi wonse ukundiseka, inu muli phee kumameza mazira? Ndiye galu wonenepa uja ndinu!"

AOvertone anayesa kuwaonetsa tiana kuti mtima utsike. ANabanda anasuzumira m'besenimo, ndipo kunena zoona anamwetulira pang'ono, koma anabweza msanga.

"Tokongola. Theka ndi tanga, poti tikuleredwa ndi nkhuku yanga. Tsopano valani nsapato."

Anawapeza aChrissy atam'manga kale chingwe Tilekeni, ulendo wa ku Nguludi.

"Achemwali, mum'masule. Wakuba uja ndabwera naye, ndi uyu wa miyendo iwiriyu. Mundikhululukire ine."

AChrissy atamva nkhani yonse anaseka mpaka anakhala pansi. "Alamu, ndiye mumaba dzira kukadyetsa nsomba yosadyedwa? Musapepese ine, pepesani mwini wakeyo."

AOvertone anavula chipewa n'kuwerama. "Pepani aTilekeni, ndinakuipitsirani mbiri."

Amayi aja anagamula pomwepo: chachikasu chizipita kwa timilamba, koma choyera aOvertone asadzachilawenso, n'cha galu. M'thumba mwa aOvertone munali kachidutswa kotsala, ndipo aNabanda anakatulutsa okha n'kukaponya pansi. Tilekeni ananunkhiza kaye mokayika, kenaka anameza. Kameneko kanali koyamba kuti alawe dzira la aNabanda.