Nkholokolo ya Lughano

A Greenwell Mwakikunga anali chogwada pa kapeti, mphuno itatsala pang'ono kukhudza galasi la thanki ya nsomba, pamene akazi awo, mayi Emily, analowa m'chipinda chochezera atanyamula tiyi.

"Kodi mapemphero a m'mawa mwasamutsira kwa nsomba?" anafunsa mayiwo.

"Musaseke, amake Lughano. Yaonda. Tabwerani muone mmene mimba yaphwerera."

Nsomba imene ankanenayo inali nkholokolo, ya ndevu ndi mawanga akuda, yokhala pansi pa madzi. Mwini wake anali mwana wawo wamkazi, Lughano, amene anailera kuyambira ili ngati chala. Popita ku Zomba kukayamba ntchito ya unamwino, iye anasiyira makolo ake thanki yonse pamodzi ndi mbuna zabuluu ndi zachikasu, nawapempha chinthu chimodzi: zinazo n'zokongoletsa chabe, koma ya ndevuyo amusungire. Tsopano anali ataimba foni kuti akubwera pa Pasaka, ndipo nkholokolo inali phee kunsi kwa mwala ngati yotsanzika.

"Kwathu ku Karonga nsomba timadya, sitidyetsa," anatero mayi Emily akuika kapu pa tebulo. "Ikafa tiikazinga, mwana adzapeze ndiwo."

A Mwakikunga anadzuka pa kapeti paja. Chipumireni pa ntchito ku Capital Hill, nsombazo ankaziyang'anira monga momwe ankayendetsera ofesi, ndipo sankamvetsa kuti cholakwika chikanalowera pati. Anatunga madzi a m'thanki m'botolo, nanena kuti akupita ku Old Town kwa a Sadiki. Mayi Emily anakwera nawo galimoto, ati akukagula ulusi.

A Sadiki anali mnzawo wa a Mwakikunga kuyambira ku sekondale, ndipo anali ndi sitolo ya nsomba zoweta pa kamsewu kena kotsikira ku msika. Atangowaona anatambasula manja.

"Bwana mkubwa! Area 47 yatikumbukira lero? Takulandirani, alamu. Mwabwera ndi chiyani m'botolomo, mankhwala a ukalamba?"

"Ukalamba tikumwera limodzi, achimwene," anatero a Mwakikunga. Kenaka anafotokoza za nkholokolo ija, nkhope ili gwa.

"Mumaipatsa chiyani?"

"Chakudya chabwino, choyandama chija. M'mawa uliwonse, nkhani za pa wailesi zikangotha."

"Nanga amadya ndani?"

"Mbuna zimathamangira pamwamba, n'kudya. Iyo ndi ya pansi, imatola zotsala."

"Zotsala zake ziti? Mbuna inayamba yasiyapo mkute?" A Sadiki anaseka mpaka chisoti chinapendekera. "Nkholokolo siikwera pamwamba kukalimbirana, ndiponso dzuwa likawala imabisala. Imafuna chakudya chomira, ndipo imadya kukachita chisisira. Inu mwakhala mukukonza phwando alendo enieni ali mtulo."

Mayi Emily anaomba m'manja. "Nenani, alamu, nenani! Anazolowera ku Capital Hill kuja, kuti a pamwamba adye, a pansi alandire kalata yothokoza. Safunsa anadya phula!"

A Mwakikunga anakonza kolala ya malaya awo, koma pakamwa panaoneka kuti akubisa kumwetulira. "Ndavomera. Ndipatseni chomiracho, tizipita."

"Dikirani, botolo lija sitinalifunse," anatero a Sadiki. Anatunga madzi a m'thanki ya mbuna ya m'sitolomo m'botolo lina, napalira sopo pang'ono m'mabotolo onse awiri, nawakhutchumula. M'botolo la m'sitolo madzi anangochita mbuu, opanda thovu. M'botolo la a Mwakikunga thovu linakwera mpaka kukhosi.

"Ine madzi ndimawagawa pawiri," anatero a Sadiki. "Alipo omvera sopo, alipo okana sopo. Okana sopo ndi aja amasiya zoyera m'ketulo, chifukwa adutsa m'miyala. Mbuna ndi nkholokolo zimakondwa m'madzi otero. Omvera sopo ali ndi eni ake, monga tinsomba tating'ono ta kunja tili pakonapo. Nsomba ya njala ukaiwonjezera madzi osaiyenera, imafookeratu. Kodi mjigo wanu uja unauma?"

"Sunaume. Madzi ndimathira ndekha, a pa mjigo."

"Awa si a pa mjigo, achimwene. Awa ndi ofewa ngati a mvula."

Mayi Emily, amene anali asanaleke kuseka, anayamba mwadzidzidzi kuyang'ana mitengo ya zinthu pa shelefu. A Mwakikunga anatembenuka pang'onopang'ono. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mgolo wa madzi a mvula umene mayiwo ankaulondera ngati nkhokwe. Madzi ake anali ochapira bulauzi yoyera ya Umanyano, bungwe la amayi a ku tchalitchi, basi, ndipo ngakhale amuna awo sankaloledwa kutungamo ndi kapu yomwe.

"Amake Lughano?"

"Tiyeni tikagule ulusi uja asanatseke..."

"Amake Lughano."

"Chabwino!" anatero mayiwo, akukweza chibwano. "Inu mukapita kokayenda m'mawa, ndimachotsako madzi anu a pa mjigo aja n'kuthiramo anga. Nsomba ya mwana wanga izikhala m'madzi okanika kuchapira mpango? Ndinati iziona madzi abwino, monga mlendo wolemekezeka."

"Nsomba ya mwana wanu? Si ija mukuti tiikazinga?"

"Pakamwa ndi pena, mtima ndi pena. Inu simunadziwe zimenezi zaka zonsezi?"

A Sadiki anachita kukhala pansi ndi phwete. "Wina waimana chakudya mwaulemu, wina waimwetsa madzi olakwika mwachikondi! Nsomba imeneyi ndi yolimba, alamu. Ikanakhala munthu, bwenzi itathawira kwa amalume ake."

Anawapatsa timibulu ta chakudya chomira ndi zigoba za nkhono zoika pansi pa thanki. Anawachenjezanso kuti asasinthe madzi onse tsiku limodzi, poti nsomba imadzidzimuka. Azichotsa pang'ono, n'kuthira a pa mjigo pang'ono. "Pang'onopang'ono ndi mtolo," anatero powaperekeza ku galimoto. Ulusi sunagulidwe.

Madzulo a tsikulo, dzuwa litalowa kuseri kwa mpanda, a Mwakikunga anazimitsa getsi la pa thanki, nagwetsera timibulu pafupi ndi mwala. Anadikira, koma sipanatuluke kanthu. Mawa lake zinali chimodzimodzi, ndipo mayi Emily anadya chakudya chamadzulo osanyoza munthu, zimene zinawadetsa nkhawa amuna awo kuposa nsombayo.

Madzulo a tsiku lotsatira mayiwo anawalanda timibulu tija. "Dzanja lanu ndi la mu ofesi. Patseni kuno."

Anagwetsa timibulu, nakhala pa mpando manja ali pa maondo. M'chisisira chija panayamba kuoneka ndevu, zikufufuza mchenga. Kenaka mutu. Kenaka thupi lonse la mawanga linatuluka, likugwedezeka mwaulesi, mpaka linafika pa kambulu koyamba n'kukameza.

"Yadya!" ananong'oneza mayi Emily, atawagwira amuna awo pa mkono. "Abambo a Lughano, yadya! Taonani ikufunanso kena!"

"Ndikuona. Musandithyole mkono."

Nkholokolo inatola timibulu tonse, niyendera thanki kuchokera ku ngodya ina mpaka ina, ngati mwini munda amene wadzuka pa mphasa ya matenda. A Mwakikunga anaimirira, natambasula dzanja kuti ayatse getsi la m'chipindamo, poti nthawi ya nkhani za pa kanema inali itakwana.

"Musayerekeze," anatero mayi Emily, maso ali pa galasi. "Kuyambira lero, inu zanu ndi mbuna ndi kutunga madzi pa mjigo. Iyi ndizidyetsa ndine, ndipo muno simuyaka getsi mpaka itakhuta."

A Mwakikunga anabweza dzanja lawo. Anakokera mpando pafupi ndi akazi awo, nakhala pansi, ndipo nkhani za tsikulo zinawapita.